Simbi ya Mayi Alefa ndi Timadontho ta Mwawi

Tsiku limene Mwawi anabwera kunyumba ndi kabokosi kakuda m'chikwama, mtima wa Mayi Alefa unakana asanafunse n'komwe kuti n'kachiyani.

Mwawi anali mwana wawo mmodzi yekhayo. Chikuku chinamulanda maso ali wamng'ono, bambo ake n'kumwalira iye asanamalize pulayimale, koma mutu wa mtsikanayo unali wogwira zedi. Anaphunzira kusukulu zogonera konko, kumene anamuphunzitsa braille, zilembo za timadontho totukuka papepala timene munthu amawerenga ndi nsonga za zala. Tsopano anali m'chaka choyamba ku yunivesite, akuphunzira zauphunzitsi, ndipo ankayendera kuchokera kunyumba ku Mchengautuwa, mumzinda wa Mzuzu. Mayeso ake oyamba anali atayandikira. Akalephera amenewo, ndiye kuti chaka chonse chalowa m'madzi.

Vuto lalikulu m'nyumbamo linali mapepala. Buku limene anzake oona amalipinda n'kuliika m'thumba la jekete, kwa Mwawi limadzaza katoni. Kanyumba kawo ka zipinda ziwiri kanali makatoni okhaokha, ena pansi pa bedi, ena pakona, ena pamwamba pa kabati, moti mlendo ankayesa kuti akusamuka. Mayi Alefa sankadandaula nazo. Mapepalawo ankawaona ndi maso, ankatha kuwagwira, ndipo ndi amene anamufikitsa mwana wawo ku yunivesite.

"Amama, tabwerani mugwire," anatero Mwawi akuika kabokosiko patebulo.

"N'kachiyani kameneka?"

"Ndi makina a braille. Andibwereka a Nyirenda, a ku bungwe la Tiwazge Tose ku Chiputula, aja amatisindikizira manotsi. Zonse zili m'makatonizi zalowa m'menemu, ndipo malo atsala."

"Zonsezi? M'kanthu kongati wailesi ya m'manja aka? Usandiyese mwana iwe."

Mwawi anaseka, natenga chala cha mayi ake n'kuchiika pamzere wa timabowo kutsogolo kwa makinawo. Atadina batani, timitu toyera tinatumphuka pansi pa chalacho. Mayi Alefa anadumpha ngati aponda moto.

"Mayo ine! Kali ndi moyo!"

"Ayi amama, ndi timadontho basi. Ndikamaliza mzere timalowa, kenako timatuluka ta mzere wotsatira."

"Ndiye akubwereka ulere? Akufuna chiyani kwa iwe?"

"Akufuna ndikhoze mayeso."

Mayi Alefa anangoti "Hmm," n'kukapukuta chala chawo pa chitenje.

Musafulumire kuwaseka mayiwa, chifukwa kukayika kwawo kunali ndi pochokera. Mwawi ali wamng'ono kunabwera anthu ena pagalimoto yoyera, olankhula mokoma ngati uchi. Anamuvula diresi lake labwino, n'kumuveka long'ambika limene anabwera nalo okha, n'kumujambula. Analonjeza zakumwamba, koma sanabwerenso. Patapita nthawi munthu wina anawaonetsa Mayi Alefa nkhope ya mwana wawo pakalendala, ali m'sanza zija. Zinawawawa kwambiri, ndipo kuyambira pamenepo aliyense wobwera kwa Mwawi ndi mphatso ankamuyang'ana kawiri.

M'masiku otsatira anayamba kumuzonda mwana wawo. Mwawi sankasiyana nako kabokosiko. Akangofika kunyumba, zala zili pomwepo, uku ndi uku, uku ndi uku. Chakudya chinkazizira pambale. Nthawi zina ankaseka yekha, m'nyumba mulibe woseketsa. Mayi Alefa ankaima pakhomo ndi tsache m'manja, n'kumadzifunsa kuti kodi mwanayu akuseka ndi ndani.

Mayiwa anachokera ku Thyolo kalekale kutsatira mwamuna, ndipo ankagulitsa kaunjika mumsika waukulu wa Mzuzu. Aliyense ankawadziwa ndi chinthu chimodzi: chovala chosasita sichinkakwera pabenchi pawo. Anzawo ankangomasula belo n'kuunjika, koma iwo ankayamba akoleza simbi yawo ya makala, n'kusita chimodzichimodzi mpaka chovala cha kaunjika kuoneka ngati cha m'sitolo. Benchi yoyandikana nayo inali ya Peggy, mzimayi wa ku Mzilawaingwe wogulitsa nsapato, amene nkhani iliyonse ya mumzindawu inkadutsa kaye m'makutu mwake.

"Mwawuka uli, anyina Mwawi?" anawalonjera Peggy m'mawa wina.

"Tawuka makola," anayankha Mayi Alefa, amene Chitumbuka chawo chinkathera pa moni. "Koma asisi, mtima wanga suli m'malo."

Anamufotokozera zonse. Peggy anasiya nsapato imene ankapukuta, nasendera pafupi.

"Mwati kamagwira pa nsonga za zala?"

"Pomwepo."

"Aaa, anyina Mwawi, inu ndinu akulu. Kuchipatala akafuna magazi amabaya pati? Si pachala? Kamakina kaja ka shuga kamaluma pati? Ine zinthu zaulerezi ndimaziopa chomene. Masiku ano mumzinda muno mwadzaza anthu, nyumba zosanja zikungomera paliponse, simungadziwe kuti uyu ndi ndani. Amasankha dala mwana wosaona, poti sangaone chimene akumuchita."

"Ndiye mukuti kamayamwa?"

"Ine sindinanene kanthu," anatero Peggy atakweza manja. "Koma mukapita kunyumba mukamuone m'manja ngati simunayambe kuyera."

Madzulo ake Mayi Alefa anagwira dzanja la Mwawi ngati akufuna kumuona zikhadabo. M'manjamo munalidi motuwa. Abale inu, ndi kuzizira kwa Mzuzu kuja, ndani amene m'manja mwake mumafiira? Koma munthu akagwidwa ndi mantha saganiza za nyengo. Anaonanso kuti mwanayo masaya alowa pang'ono, ndipo kwa iwo umboni unali utakwana.

Loweruka m'mawa, Mwawi ali kubafa, anatenga kabokosi kaja. Anakagwira ndi thaulo kuti kasawakhudze, n'kukakulunga m'jumbo, n'kupita nako kumsika kumene anakakankhira pakati pa belo la majekete. Pobwerako anapeza mwana wawo atagwada pansi, akupapasa kunsi kwa bedi, makatoni ali mbwee.

"Amama, makina anga ali kuti?"

"Ndakachotsa kanthu kaja, ndipo m'nyumba muno sikalowanso."

"Mwatani?" Mwawi anaimirira. "Si anga amenewo, ndi obwereka! Mayeso ndi sabata yamawa, amama!"

"Mapepala ndi amene akufikitsa pamene ulipa. Uwerenga omwewo."

"Bwanji osandifunsa kaye?"

"Ndifunse iwe? Iwe sukuona chimene kakukuchita."

Mawu amenewo atangotuluka, Mayi Alefa anafuna kuwabweza, koma anali atapita kale. Mwawi anayankha motsitsa mawu.

"Inde, sindiona. Koma zalazi ndi zanga."

Kupita kwa a Nyirenda kukanena kuti mayi ake abisa makina kunamuchititsa manyazi, choncho anangokoka katoni imene munali manotsi a mayesowo n'kuyamba kuwerenga ngati kale. Mayi Alefa anamva chisoni, koma anadziuza kuti bola mwana wokwiya kusiyana ndi mwana wopanda magazi.

Kenako kunabwera mvula. Inu a mu Mzuzu mukuidziwa mvula yathu, ija yosayang'ana kalendala, yongowaza pang'onopang'ono tsiku lonse mpaka mafupa kuzizira. Tsiku limenelo Mwawi anapita kusukulu, koma mayi ake sanapite kumsika poti kunalibe wogula. Chakumasana anamva kuti tho, tho, tho, kuchipinda. Pabowo la msomali wa malata pankadontha madzi, ndipo pa makatoni onse a m'nyumbamo madziwo anasankha katoni ya manotsi a mayeso.

"Kalanga ine!" anakuwa Mayi Alefa akuikokera pakati pa chipinda.

Mapepala ambiri anali atanyowa, ena atapindika m'mbali, ena atamatana. Dzuwa loti awayanike kunalibe, ndipo ankadziwa kuti akawasiya choncho achita chuku. Mtima wawo unawawa kwambiri, chifukwa ndi iwo amene anamuuza mwana kuti adalire mapepala. Anaima kanthawi manja ali m'chiuno, kenako maso awo anagwera pa simbi.

Apa ndiye anali pantchito imene ankaidziwa kuposa wina aliyense mumsika monse. Bulauzi ya maluwa osokedwa saisita pamwamba. Amaitembenuza, n'kuyala kansalu, n'kudinikiza bwinobwino, ndipo maluwawo amatuluka ali chilili. Anaganiza kuti timadontho ta Mwawi n'chimodzimodzi. Anakoleza makala, natembenuza pepala loyamba chafufumimba, nayala chitenje choyera bwino pamwamba pake, n'kudinikiza. Nthunzi inati fuu. Atachotsa chitenje, pepala linali louma, lowongoka, lokongola kuposa kale. Analiyang'ana pawindo, ndipo timadontho tinkaoneka ndithu m'mizere yake.

Anasita lachiwiri, lachitatu, mpaka katoni yonse, ndi ouma omwe kuti afanane ndi anzawo. Ankang'ung'udza nyimbo ya kwaya, msana ukuwawa koma mtima ukukondwa. Ankaganiza kuti Mwawi akabwera aona kuti mayi ake si mdani.

Ndodo yoyera ya Mwawi inagogoda pakhonde chakumadzulo. Atangolowa anaima, nanunkhiza.

"Kukununkha chiyani ngati pepala lopsa?"

"Denga linadontha, manotsi ako ananyowa. Koma usade nkhawa, ndakonza zonse. Tagwira uone."

Anamupatsa mulu wa mapepala ofundabe. Mwawi anayendetsa zala pamzere woyamba. Anabwerezanso. Anatembenuza pepalalo, nayesa kuseri. Anatenga lina, kenako lina la pakati, kenako la pansi penipeni.

"Amama, mwawatani mapepalawa?"

"Ndawasita, mwanawe. Mosamala, ndi chitenje pamwamba."

"Palibe kanthu apa."

"Palibe bwanji? Timadontho tilipo, ndikutiona ine!"

"Mukutiona inu," anatero Mwawi. "Ine ndimawerenga ndi zala."

Anakhala pansi pasimenti pomwepo, mapepala ali pamiyendo, misozi ili chuchuchu. Mayi Alefa anatola pepala limodzi, natsinzina, n'kuyendetsa chala chawo monga amachitira mwana wawo. Linali see, ngati mbale yotsuka. Zimene mvula inasiya, anamaliza ndi iwo, ndi manja awo omwe, akuimba nyimbo.

Kutacha anapita kumsika, nasolola jumbo ija m'belo la majekete. Peggy anawaponyera diso lofunsa koma iwo sanamuyankhe. Musaganize kuti mantha anali atatha, ayi. Cholinga chawo chinali kukabweza kanthuko kwa eni ake ndi kukapempha mapepala ena. Anamutenga Mwawi, amene sanawalankhule njira yonse, n'kupita ku Chiputula.

Ofesi ya Tiwazge Tose inali chipinda chimodzi kuseri kwa sitolo yogulitsa simenti. Mkati munali phokoso la makina osindikiza braille, logogoda ngati kachigayo. Kuseri kwa tebulo kunakhala a Frackson Nyirenda, bambo wa tayi, wamagalasi akuda, ndodo yoyera itatsamira pampando. Mayi Alefa sankadziwa kuti a Nyirenda nawonso saona. China chimene anaona chinali kabokosi kakuda patebulo, kofanana ndendende ndi kamene anakulunga m'jumbo, zala za bamboyo zili pomwepo. Anamuyang'ana bwinobwino munthuyo. Anali wonenepa, masaya ali nenenene, khosi litadzaza kolala. Ngati kanthuko kamayamwa magazi, ndiye kwa bambo awa kanalephera ntchito.

"Monire amama, monire Mwawi," anatero a Nyirenda atazimitsa makina aphokoso aja. "Khalani pansi. Kwagwanji?"

Mwawi anangowapatsa pepala limodzi. A Nyirenda analisisita.

"Ndani wasita?"

"Ndine, bambo," anayankha Mayi Alefa, maso ali pansi. "Ananyowa ndi mvula."

"Mumasita bwino chomene, amama. Kolala yangayi sinasalalepo chonchi." Sanaseke, ndipo mawu awo anali ofatsa. "Koma braille ndi kutukuka kwa timadonthoto. Pepala likanyowa timafewa, mukaikapo cholemera timaphwanyika, ndipo sitidzukanso. Likanyowa muzingoliyala palokha pamalo ouma, osalidinikiza ndi chilichonse."

"Ndamva. Tsono ndabweza kanthu kanu aka. Chonde mumusindikizire mwanayu mapepala ena."

"Ndingayambe lero, koma sindingamalize mayeso asanafike. Mapepala a braille ndi osowa, ndipo pali ana ena amene akudikira awo. Komatu palibe chimene chatayika. Mapepala munasitawa ndinawasindikiza kuchokera m'fayilo ya pakompyuta, ndipo fayilo yomweyo ndinaiika m'makina amene mwanyamulawo. Mawu ake ndi omwewo. Kusiyana kwake n'kwakuti pepala limagwira timadontho mpaka kalekale, pamene makina amatitulutsa mzere umodziumodzi. Mukuwabwezeranji?"

Mayi Alefa anali atafika kale pamenepa, ndiye anangolankhula mosabisa.

"Ndikuopa kuti kamayamwa magazi a mwana wanga."

Mwawi anabisa nkhope m'manja. Koma a Nyirenda anangogwedeza mutu ngati munthu amene si koyamba kumva zimenezo. Anatsegula dirowa, natulutsa makina ena akale, owonongeka, otsegula pamwamba. Anasololamo kanthu koyera kongati kambewu ka mpunga, n'kuwapatsa.

"Kamene kamakhudza chala ndi aka. Kayeseni mmene mungafunire."

Mayi Alefa anakatembenuza uku ndi uku. Kanali kapulasitiki, kobuntha, kopanda bowo. Anakadinikiza pachala mwamphamvu, kenako pamlomo pomwe pali pofewa. Anatulutsa kampango koyera n'kupukuta, nakayang'anitsitsa. Kanali mbee. Anasuzumiranso m'mimba mwa makina akalewo kufunafuna kabotolo kapena kapaipi, koma munali timawaya ndi batire basi.

"Magetsi a m'batire amangokankha timituto kuti tikwere kapena titsike," anatero a Nyirenda. "Funsaninso, amama. Ine ndimakonda kholo lofunsa."

Apo ndiye anawatsegula pakamwa mayi a ku Thyolo.

"Inu mupindulapo chiyani?"

"Makinawa si mphatso, ndi obwereka. Mwawi akamaliza sukulu adzawabweza kuti athandize wina."

"Mudzamujambula n'kumuika pakalendala?"

"Popanda iye mwini kuvomera, ayi. Ndi munthu wamkulu uyu. Wina aliyense akadzabwera ndi kamera, Mwawi ali ndi ufulu wokana, ndipo makinawa sitingamulande chifukwa chakuti wakana."

"Nanga magetsi akazima, monga amachitira kwathu ku Mchengautuwa?"

"Mukawatchaja amakhala nthawi yaitali ndithu, kuposa foni. Koma sindikunamizani, amama, ali ndi mavuto ake. Ndi odula kwambiri, n'chifukwa chake tili nawo ochepa. Amadana ndi fumbi ndi madzi, ndipo akawonongeka odziwa kukonza ndi osowa, monga mukuonera akalewa. Choncho mapepala sitikuwataya. Mwana aliyense ayambe waphunzira braille ya papepala, ndipo zofunika kwambiri azikhala nazo kuwiri, papepala ndi m'fayilo. China chikawonongeka, china chimatsala."

"Bwanji osangomupatsa foni yolankhula ija, azingomvetsera?"

"Foni imathandiza, inenso ndili nayo. Koma khutu silikuuza kalembedwe ka mawu. Mwawi akufuna kudzakhala mphunzitsi. Adzalemba bwanji, adzakonza bwanji zolemba za ana, ngati mawuwo sanawagwirepo ndi zala zake? Kumvetsera ndi kwina, kuwerenga ndi kwina."

Anapitiriza kufotokoza kuti kale mwana wosaona ankadikira miyezi kuti buku limufike, anzake atamaliza kale kuliwerenga. Tsopano mphunzitsi akalemba manotsi pakompyuta, akhoza kusandutsidwa braille tsiku lomwelo. Anati kunja kwayamba kupezeka makina otulutsa mizere yambiri nthawi imodzi, oti munthu n'kugwira mapu kapena chojambula cha masamu, ngakhale kuti kuno sanafike m'manja mwa ambiri.

"Chimene chimandidetsa nkhawa ine si makina," anatero. "Ndi mabuku. A Chingerezi alipo ambiri, koma a Chichewa ndi Chitumbuka ndi ochepa chomene. Tikapanda kuwalemba tokha m'mafayilo, ana athu adzakhala ndi makina abwino opanda mawu a kwawo. Ntchito imeneyo ikudikira anthu ngati Mwawi."

Mayi Alefa anayang'ana kambewu kapulasitiki kaja kali m'manja mwawo. Panatsala funso limodzi limene linkawalemera.

"Nanga bwanji wawonda? Bwanji amaseka yekha?"

"Limenelo si langa," anayankha a Nyirenda. "Mwini wake ali pambali panupo. Munamufunsapo?"

Mayi Alefa anatembenuka pang'onopang'ono. Manyazi anawagwira, chifukwa anafunsa Peggy, anafunsa m'manja mwa mwana, koma mwanayo sanamufunse.

"Mwawi, tandiuza mwanawe."

"Ndawonda chifukwa cha mayeso, amama, anzanga onse awonda," anatero Mwawi. "Ndipo ndimaseka chifukwa a Nyirenda anandiikiramo buku la nthano. Chibadwire changa sindinawerengepo buku longosangalatsa, losankha ndekha. Mapepala ankasungira zamayeso zokha. Ndikafuna nkhani ndinkapempha munthu kuti andiwerengere, iye akatopa nkhani yathera pomwepo. Pano ndimawerenga pamene ndafunira, ndikafuna ndibwereze pamene pandiseketsa. Ndinkafuna ndidzakuwerengereni inunso, koma munkangoima pakhomo."

Mayi Alefa anamasula jumbo ija, nachotsa thaulo, ndipo ulendo uno anagwira makinawo ndi manja awo enieni n'kuwaika pamiyendo pa mwana wawo. Mwawi anawayatsa, nadina mabatani angapo, zala zake n'kuyamba kuyenda. Anawerenga mokweza mutu wa phunziro ndi ndime yoyamba. A Nyirenda anakweza pepala losita lija.

"Zimene akuwerengazo ndi zimene zinali apa."

"Zonse zilimo?" anafunsa Mayi Alefa.

"Zonse, amama," anayankha Mwawi. "Ngakhale kadontho kamodzi sikanasowe."

"Undikhululukire, mwana wanga. Ndinkati ndikukuteteza."

"Ndikudziwa. Koma muzindifunsa."

"Yewo chomene, bambo," anathokoza Mayi Alefa potsanzika, ndipo a Nyirenda anaseka kuti Chitumbuka chawo chawonjezeka.

Masiku otsalawo Mwawi anawerenga osapumira. Mayi ake anaitana mmisiri kudzamata denga. Anasankha jekete yosalowa madzi m'belo lomwe lija anabisamo makina, naidula, n'kusoka kachikwama kokhala ndi zipi kuti fumbi ndi mvula zisafikeko. Magetsi akazima ku Mchengautuwa, ankanyamula okha makinawo kukatchajitsa kumsika, ali khale pambali pake ngati akulondera mwana.

Peggy atawaona anatulutsa maso.

"Anyina Mwawi, mwakabweretsanso?"

"Ndakabweretsa, ndipo ndaona m'mimba mwake ndi maso angawa. Mulibe singano, mulibe kabotolo. Bwerani muikepo chala."

"Ine? Ayi, yewo!"

"Ndiye musamanene zimene simunazione, asisi. Ine zinatsala pang'ono kundiphera sukulu ya mwana."

Zotsatira zitatuluka, Mwawi anali atakhoza maphunziro onse. Mayi Alefa analulutira pakhonde mpaka oyandikana nawo kutuluka, ena akuyesa kuti kwabwera mkamwini. Phokoso litatha, Mwawi anawakhazika pampando, natenga chala chawo chija chinadumpha tsiku loyamba, n'kuchiika pamzere wa timabowo. Pansi pa chalacho panatuluka kamutu kamodzi.

"Mukumva chiyani?"

"Kadontho kamodzi."

"Chimenecho ndi chilembo choyamba cha dzina lanu."

Mayi Alefa sanachotse chala. Anatsinzina, nakasisita pang'onopang'ono kadonthoko, misozi ikulengeza. Zaka zonsezi mwana wawo ankawerenga pamaso pawo, koma aka kanali koyamba kuti iwo agwire chimene iye amagwira.

"Kamodzi kokha basi, ndiye ine?"

"Ndinu amene," anatero Mwawi akuseka. "Ndipo aka, amama, simbi yanu singakapeze."

Makolo ndi abale a anthu osaona, phunziro lake ndi ili. Kukayikira chinthu chachilendo si kulakwa, koma funso lanu lipite kwa odziwa, osati kwa amphekesera. Makina a braille sabaya, sayamwa magazi, ndipo sanabwere kudzathetsa braille. Anabwera kuti mabuku ambiri afike msanga m'manja mwa wosaona. Asungeni kutali ndi madzi ndi fumbi. Mapepala a braille musawasite kapena kuwatsindika ndi zolemera, ndipo zofunika zisungidwe papepala ndi m'fayilo momwe. Koposa zonse, musanagamule chilichonse chokhudza munthu wosaona, yambani mwamufunsa iye mwini, chifukwa amene akuwerenga ndi iyeyo.